Galimoto ya Mwana wa Ford

Pa khoma la shedi yathu yopalira matabwa pali cithunzi ca galimoto, cimene mwana wathu wacisamba anacidula m'kalendala wakale nacimata pamenepo. Galimotoyo ndi yaitali kutsogolo ndi yaifupi kumbuyo, iri ndi zitseko ziwiri zokha, ndipo yabereka tayala limodzi kumsana monga mai abereka mwana. Zaka zambiri tinali kucipenya cithunzico ndi diso loipa, ndi kunena mumtima kuti, Nazi zimene ziononga anyamata, kusirira zinthu za eni cuma zimene sadzazikhudza ngakhale ndi cala. Koma tsiku lina tinafuna kudziwa mbiri yace, ndipo m'mene tinaiwerenga bwino tinacita manyazi, pakuti tinapeza kuti iri kunena za ife. Cifukwa cace tati tikukambireni inu owerenga, makamaka inu atate anzathu amene imvi zayamba kukumerani monga ife.

Dzina la galimotoyo ndilo Lincoln Continental, ndipo kwao ndi ku America, ku mzinda wa Detroit m'dera la Michigan. Koma kuti timve bwino mbiri yace tiyenera kuyambira pa munthu amene dzina lace lidziwika ngakhale kumidzi kuno, ndiye Henry Ford. Iyeyu anabadwa m'caka ca 1863, mwana wa mlimi, nakula wokonda makina koposa khasu. M'caka ca 1903 anayamba kampani yace, ndipo mu 1908 anaturutsa galimoto yochedwa Model T. Cifuniro cace cinali cimodzi, ndico cakuti mlimi ndi wanchito wamba akhoze kugula galimoto yolimba, yosabvuta kukonza, yokhoza kupyola m'matope. Mu 1913 anakonza kuti magalimoto aziyenda okha pa lamba m'fakitale, wanchito ali yense naima pa malo ace ndi kucita kanchito kamodzi kokha. Motero nchito inafulumira, mtengo nutsika. Galimoto imene poyamba inagulidwa ndi madola 850, pofika 1925 inapezeka ndi madola 260. Kuyambira 1914 kufikira 1925 onse anapakidwa utoto wakuda wokha. Pamene analeka kuwapanga mu 1927 anali ataposa 15,000,000. Tisamcepse munthu ameneyu iai. Anacita cinthu cacikuru, nathandiza osauka ambiri.

Tsono Henry ndi mkazi wace Clara anali ndi mwana mmodzi yekha, dzina lace Edsel, wobadwa mu 1893. Mwanayo anakulira m'fakitale ya atate wace, nadziwa nchito yonse. Koma mtima wace unali wina. Anali munthu wofatsa, wa mau ocepa, waulemu kwa akuru ndi ang'ono omwe, ndipo kuyambira ubwana wace anakonda kujambula. Atate akapenya cinthu anali kufunsa ngati ciri colimba ndi cochipa. Mwana akapenya cinthu comweco anali kufunsanso ngati ciri cokoma m'maso. Mafunso onse awiriwa ndi abwino, ndipo akadagwirizana atate ndi mwana akadakhala ngati manja awiri a munthu mmodzi.

M'caka ca 1919 Henry anaika Edsel akhale mkuru wa kampani yonse, ali ndi zaka 25 zokha. Anthu anayesa kuti nkhalamba yatula katundu. Koma anampatsa mpando wokha, mphamvu natsala nayo. Edsel akalamula kanthu m'mawa, atate wace anali kukapasula madzulo, kawirikawiri pamaso pa anchito. Nkhalambayo inayesa kuti mwana wace ndi wofewa, ndi kuti adzalimba pokhapokha akamsautsa. Ndipo inakweza munthu wina waukali, Harry Bennett, amene kale anali wa nkhonya m'gulu la nkhondo la pamadzi, nimvera iye koposa mwana wace wobala. Edsel anaona kuti ogula ayamba kuthawira ku magalimoto a Chevrolet, amene anali a mitundu yosiyanasiyana ndi okoma kukhalamo, nadandaulira atate wace zaka zingapo kuti nthawi ya Model T yatha. Atate anakana kufikira malonda anagwa ndithu. Pamenepo mu 1927 mafakitale anaima miyezi yambiri kuti akonze galimoto yatsopano, Model A, imene maonekedwe ace anayang'anira ndi Edsel. Anapemphanso kuti aike mabuleki ogwira ndi mafuta, amene makampani ena anali atayamba kale kuika. Atate sanalole kufikira 1939. Ndipo m'zaka zonsezi mwanayo sananyoze atate wace pagulu.

Koma panali kadimba kamodzi kamene Edsel analima yekha. Nkhalamba ina, Henry Leland, mmisiri wochuka wa makina, inali itayamba kampani ya magalimoto a mtengo wapatali, niicha Lincoln, pokumbukira Abraham Lincoln, mtsogoleri uja wa America amene anamasula akapolo. Kampaniyo inamira m'ngongole, ndipo mu 1922 a Ford anaigula ndi madola 8,000,000. Popeza Henry sanasamale kwambiri za magalimoto a eni cuma, anaileka m'manja mwa mwana wace. Kumeneko ndiko Edsel anapumirako.

Mu 1938 Edsel anabwera kucokera ku ulendo wa ku Ulaya, kumene anaona magalimoto aatali kutsogolo, otsika pansi, opanda zokometsera zambiri. Anaitana wojambula wace, E. T. Gregorie, mnyamata amene anayamba nchito yace pojambula mabwato, namuuza kuti afuna galimoto imodzi ya iye mwini, yoti akayendemo pa nthawi ya kupuma ku Florida. Gregorie anatenga cithunzi ca galimoto ina ya Lincoln yochedwa Zephyr, ya injini ya masilinda 12, najambula pamwamba pace. Anatalikitsa kutsogolo monga mainchesi 12, natsitsa thupi lonse, nacotsa zopondapo pokwera zimene zinali m'mbali mwa magalimoto a masiku aja, nacepetsa zitsulo zonyezimira. Ndipo popeza mosungira katundu kumbuyo munacepa, tayala lapadera lija, limene oyendetsa alicha sipeya, linasowa malo m'kati, nalimangirira kunja kumbuyo. Taonani, cinthu cimene anacicita cifukwa ca kusowa malo ndico cinasanduka cizindikiro ca galimotoyo ku mibadwo yonse yotsatira. Ife amisiri tidziwa kuti zitero kawirikawiri.

Amisiri anaisula ndi manja, naitumiza ku Florida m'mwezi wa March, 1939. Siinali yangwiro iai, pakuti mvula ikagwa inali kudontha. Koma abwenzi a Edsel ataiona iri kuyenda m'miseu ya kumeneko anazizwa, ndipo ambiri anapempha kuti awapangire yotere. Motero galimoto imene inapangidwira munthu mmodzi inalowa pa malonda, niichedwa Continental, ndiko kunena kuti ya maonekedwe a ku Ulaya. Ya caka ca 1940 anapanga 404 okha, ndipo mtengo wa imodzi unali madola 2,840, ndalama zokwanira kugula magalimoto wamba a Ford atatu kapena anai. Mmisiri wochuka wa nyumba, Frank Lloyd Wright, anali mmodzi wa oyamba kugula.

Apa tifotokoze cimene cinali catsopano. Kale eni cuma anali kugula magalimoto akuru ngati nyumba, nalemba munthu wowayendetsa, iwo eni nakhala kumbuyo. Koma iyi inali ya mtundu wina: mwini wace ayendetsa yekha, zitseko ndi ziwiri, okwera ndi owerengeka, si yonyamula katundu, si yopikisana liwiro, koma yokondweretsa mwini wace ndi kukoma kwa maonekedwe ndi kufewa kwa mipando. Njira imeneyi anaitsata ambiri pambuyo pace, monga Ford Thunderbird ya 1955, imene anaionjezera mipando mu 1958, ndi Buick Riviera ya 1963, ndi Cadillac Eldorado ya 1967.

Koma cakudza sicimba ng'oma. Nkhondo yaikuru yaciwiri inafika ku America, ndipo mu February 1942 analeka kupanga magalimoto a anthu wamba. Edsel anasenza nchito yolemera yoyang'anira fakitale ya ku Willow Run, yopanga ndege za nkhondo, ali wodwala kale m'mimba. Asing'anga anamcita opaleshoni caka comweco, ndipo nthenda yace inali khansa. Atate wace sanakhulupire kuti mwanayo adwaladi kwambiri. Anayesa kuti akasintha madyedwe ndi makhalidwe ace adzacira. Pa 26 May, 1943, Edsel anamwalira, ali ndi zaka 49. Anakhala mkuru wa kampani zaka 24, koma sanalamulire momasuka ndi tsiku limodzi lomwe. Sitinena kuti atate anapha mwana, pakuti nthenda ndi nthenda. Koma Bennett yemwe uja anasimba pambuyo pace kuti nkhalambayo inamfunsa ngati inacitira mwana wace nkhanza, ndi kuti iye anayankha kuti nkhanza iai, koma cosalungama inde. Funso lotere likafunsidwa manda atatsekedwa, lipindulanji? Henry anatenganso mpando ali pafupi zaka 80, mphamvu ndi nzeru zitamthera, kufikira mdzukulu wace Henry waciwiri anaulandira mu 1945, nacotsa Bennett. Nkhalambayo inamwalira pa 7 April, 1947, usiku umene madzi a mtsinje wa Rouge anasefukira nazimitsa magetsi a m'nyumba mwace. Motero mwini mafakitale aja anatsirizika pa kuunika kwa nyali za parafini ndi makandulo, monga anabadwira.

Itatha nkhondo anapanganso Continental kuyambira 1946 kufikira 1948, ndipo onse pamodzi kuyambira paciyambi anangopitirira pang'ono 5,000. Yerekezani ndi 15,000,000 aja a atate wace! Koma mu 1951 nyumba yosungira zinthu zaluso ya ku New York, Museum of Modern Art, inasankha magalimoto 8 oti anthu awapenye monga apenya zosema ndi zojambula, ndipo Continental ya 1941 inali imodzi ya iwo. Mwini wace anali atagona m'manda zaka 8.

Mwana wotsiriza wa Edsel, William Clay Ford, anafuna kuutsa dzina la atate wace. Anasonkhanitsa amisiri, napanga Continental Mark II, imene anaionetsa koyamba ku Paris mu October 1955. Anaipanga mosafulumira, mbali zambiri ndi manja; zikopa za mipando anaitanitsa ku Scotland; ndipo potumiza kwa ogulitsa anali kuifunda nsaru yofewa kuti ingakandike. Tayala lija analilowetsa m'kati, koma anasiya linunda pa citseko ca kumbuyo, likhale cikumbutso ca galimoto ya Edsel. Mtengo wace unali pafupi madola 10,000, wolingana ndi wa Rolls-Royce. Anagula ndi anthu ochuka monga oimba Elvis Presley ndi Frank Sinatra. Koma eni cuma otere ndi owerengeka, ndipo atatha kugula iwo malonda anazirala. Ngakhale mtengo unali wotero, kampani inali kutaya ndalama pa galimoto iri yonse. Ndipo popeza mu January 1956 inayamba kugulitsa magawo ace kwa anthu akunja kwa banja, amene afuna phindu, nchitoyo inalekeka mu 1957, atapanga monga 3,000 okha. Caka comweco akuru a kampani anaturutsa galimoto ina naicha Edsel, a pabanja asakufuna. Anthu anaiseka cifukwa ca nkhope yace, niilekeka mu 1959. Comweco dzina la munthu wodziwa kukongola linamatidwa pa cinthu cosekedwa, ndipo cinthu cokongola cimene anapangadi sicichedwa dzina lace. Linunda lija linabweranso pa Mark III mu 1968, nilikhala pa magalimoto otsatira kufikira 1998. Ndipo Continental yotsiriza inapangidwa mu 2020.

Nanga ife a kumidzi, amene ambiri ulendo wathu uli wa pansi kapena wa panjinga, tiphunzirapo ciani? Sitinalembe izi kuti musirire magalimoto a eni cuma. Mbiri yomweyi yaonetsa kuti cuma sicinaombole Edsel ku nthenda, ndipo sicinagulire Henry mtendere wa mumtima. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere: anthu a ku Florida anaona munthu wodala m'galimoto yokongola, osadziwa cisoni anali naco. Komanso tisalakwe ndi kuyesa kuti kukonda cinthu copangidwa bwino ndi chimo. Werengani m'buku la Eksodo za Bezaleli, amene Mulungu mwini anampatsa luso la kusema ndi kukometsa cihema. Amene anapaka maluwa a kuchire ndi nthenga za mbalame sadana ndi kukongola. Coipa ndi kudzikuza ndi kusirira. Koma dzanja laluso ndi mphatso.

Tsono tifike pa ife eni, pakuti sikuyenera kuloza cala nkhalamba ya ku America ndi kubisa zathu. Ife tinaphunzira kupala matabwa tiri anyamata, ndipo moyo wathu wonse tapanga mabenchi a sukulu, zitseko, ndi mabokosi a maliro: zinthu zoongoka, zolimba, zosadula. Ndi nchito imeneyi tinalera ana. Maso atayamba kucita cidima tinaitana abale, ndipo pamaso pao tinanena kuti kuyambira lero shedi iri m'manja mwa mwana wathu wacisamba. Onse anaomba m'manja. Koma mfungulo inatsala m'thumba mwathu, ndi buku la ngongole lomwe. Wogula akafika, mwana akachula mtengo, ife tinali kuturuka ndi kuchula wina. Akagula matabwa tinali kuwatembenuza ndi kupeza cilema.

Tsiku lina anatenga mlombwa wabwino, napanga mpando wa msana wopindika, nasema masamba pa mikono yace. Anatha masabata atatu, akugwira madzulo nchito zina zitatha. M'mene anautsiriza panali mlendo m'shedi, ndipo ife tinaseka pamaso pa mlendoyo, ndi kuti, Mpando ndi wokhalapo, si woupenya. Masabata atatu awa ukadapanga mabenchi khumi. Mwanayo anangoti, Ndamva, atate. Nanyamula mpandowo nauika kuseri, naufunda ciguduli. Ife tinayesa kuti tamphunzitsa nzeru. Usiku mai wace anatiuza kuti, Bambo a ana, mwana uja mwampatsa khasu, koma mpini mwatsala nao, alima bwanji? Tinawakalipira kuti za amisiri sazidziwa. Sipanapite miyezi yambiri, tinamva kwa ena, osati kwa iye, kuti ali kufunsa za nchito kutauni.

M'masiku amenewo ndimo tinawerenga mbiri iyi. Pamene tinafika pa mau akuti Edsel sanayankhe atate wace mwacipongwe, tinamva m'makutu mwathu liu lija lakuti, Ndamva, atate. Ndipo tinazindikira kuti kukhala cete kwa mwana waulemu sikutanthauza kuti mtima wace uli bwino. Ife tinali kuyesa ulemu wace ngati cibvomerezo. Tinazindikiranso kuti cimene tinali kucicha kumlimbitsa cinali mantha athu, kuopa kuti mwana akakhoza popanda ife, ife tidzakhala opanda pace. Tiyesa kuti ndi mantha omwewo anagwira Henry Ford, ngakhale iye anali ndi mafakitale ndipo ife tiri ndi shedi ya malata asanu ndi limodzi.

Ana amalalikidwa kawirikawiri za kulemekeza atate ndi amai, ndipo nkoyenera. Koma mtumwi Paulo, m'makalata ace kwa Aefeso ndi kwa Akolose, atalangiza ana anatembenukira kwa atate nawacenjeza iwonso za kuputa ana ao ndi kuwafooketsa mtima. Ndipo mbali imeneyi ife akuru tiiwerenga mothamanga. Kumbukirani Davide, amene anakhumba kumanga kacisi, koma atauzidwa kuti womanga ndi mwana wace, anasonkhanitsa mitengo ndi miyala ndi golidi, napereka zonse kwa Solomo, namlimbitsa mtima. Ndi angati a ife acita cotero ndi munda, ndi ng'ombe, ndi sitolo, kwa ana athu kapena ana a alongo athu? Ndipo mumpingo momwe, kodi sitisankha anyamata ndi asungwana pa maudindo, kenaka ndi kupasula zonse apangana, ndi kudabwa pambuyo pace kuti acoka? Mau a akuru akoma akagonera, indedi. Koma mkuru amene salola wamng'ono kuyesa, ngakhale kulakwa kumene, adzasiya nchito yace m'manja osazolowera.

Loweruka lina madzulo tinamuitana mwanayo m'shedi. Tinabvundukula mpando uja, ndi kukhalapo. Ndipo kunena zoona, msana wathu wokalambawu sunakhalepo pa mpando wokoma wotere. Tinaturutsa mfungulo ndi buku la ngongole, ndi kuziika m'manja mwace, ndi kuti, Mwana wanga, tinakulakwira pamaso pa mlendo, ndipo takhala tikukulakwira masiku ambiri; utikhululukire. Mau amenewa analemera m'kamwa koposa thabwa la mbawa laliwisi. Iye anagwada, nalandira ndi manja awiri, osanena kanthu nthawi yaitali.

Za ulendo wa kutauni sanatiuze kuti waleka, ndipo ife sitinamfunse, pakuti mlandu umenewo ndi wace tsopano. Sitibisa kuti lilime litiyabwabe m'mawa uli wonse tikamva sowo iri kulira mosiyana ndi m'mene tikadaigwirira ife. Pamenepo titenga ndodo ndi kupita kudimba. Cithunzi cija cikali pa khoma, ndipo sitinacicotse. Inu atate anzathu amene muli ndi mfungulo ya mwana m'thumba mwanu, Henry Ford anafunsa funso lace mocedwa. Inu funsani lanu mwana akali moyo, akali pakhomo. Ndipo mutikumbukire ifenso m'mapemphero anu, kuti cimene tapereka ndi dzanja lamanja tisacilandenso ndi lamanzere.